Kodi kukadyera ku bala ya Chiairishi n'koyenera ndalama zake?

Mayi a ku South Bend: Abale anga, amalume akubwera kudzacheza ndipo ndimaganiza zokawadyetsa ku bala ina ya Chiairishi kufupi ndi yunivesite ya Notre Dame, kuno ku Indiana, ku America. Pa mndandanda wa zakudya padzaza mabega, mapiko a nkhuku ndi masaladi, pamene za ku Ireland zilipo zochepa kwambiri. Kodi ndipite nawo kapena ndisunge ndalama?

Bambo a ku Dublin, likulu la Ireland: Mayi, isungeni ndalamayo. Chiairishi cha malo ngati amenewo chimathera pa matabwa akuda ndi zithunzi za pakhoma. Ngakhale nyama ya ng'ombe yamchere ndi kabichi, imene amaitama kumeneko, inatchuka ndi Aairishi osamukira ku America, chifukwa kuno chakudya chachikhalidwe ndi nyama ya nkhumba ndi kabichi. Painti yanunso ya mowa ndi mamililita 473, pamene yathu ndi 568.

Achemwali a ku Elkhart: Pepani bambo, sindikugwirizana nanu. Munthu wopita kumeneko sakufuna Dublin, akufuna malo okhala pansi momasuka, chakudya chotentha ndi mowa wa Guinness wa pampopi, amene amathiridwa kawiri, kudikira kuti thovu lake la nayitrojeni likhazikike, moti tambula imodzi imatenga pafupifupi mphindi ziwiri. Mbale zake zimakhala zazikulu, ndipo nsomba yokazinga ndi tchipisi imakwanira anthu awiri osadya kwambiri. Za masaladi zisiyeni, zimapezeka paliponse.

Bambo a ku Mishawaka: Achemwali anena zoona, koma mtengo wolembedwa si umene mudzalipire. Ku Indiana pamawonjezeka msonkho wa 7 peresenti, ndipo woperekera zakudya amayembekezera 18 mpaka 20 peresenti, choncho chakudya cha madola 100 chimafika pa 125 kapena kuposerapo. Mupewenso Loweruka limene timu ya mpira ya Notre Dame, yotchedwa Fighting Irish, ikusewera pakwawo ndi tsiku la 17 Malichi, la chikondwerero cha Patrick Woyera wa ku Ireland, chifukwa phokoso lake silingalole mkulu kumva zimene mukunena.

Mayi a ku South Bend: Amalume samwa mowa, achemwali. Kodi mfundo yanu ikadalipobe?

Achemwali a ku Elkhart: Yatsala theka lokha, mayi. Mukapita, pitani masana mkati mwa sabata, muwaitanitsire shepherd's pie (nyama yogaya yophimbidwa ndi mbatatesi yosinja), ndipo mufunse kaye ngati ndi ya nkhosa kapena ya ng'ombe.