Timaulusi ta selulozi tikukana kusakanikirana ndi epoxy wa ku zomera, ndithandizeni

Wazigwiriro:
Moni akuluakulu. Ndimapanga zigwiriro za mipeni ndi epoxy, utomoni wouma gwa, mtundu uja amati mbali ina ndi mafuta a zomera. Amaoneka bwino, koma chigwiriro chikagwa pa simenti chimabenthuka m'mphepete. Ndiye ndinagula kabotolo ka cellulose nanofiber, timaulusi ta selulozi (ulusi wa m'zomera) tija amati n'topepuka koma timaposa chitsulo mphamvu kasanu. Tinabwera tili phalaphala, pabotolo palembedwa 2 peresenti. Nditathira mu utomoni zonse zinachita mbuu, mukuoneka timibulu ndi thovu, ndipo mpaka pano ukakhudza chikumamata. Ilipo njira yosakanizira, kapena izi n'za kufakitale basi?

Mayi wa mu labu:
Achimwene, 2 peresentiyo ndiye selulozi, 98 yotsalayo ndi madzi. Ndiye kuti zambiri zomwe munathira mu epoxy ndi madzi, ndipo madzi amasokoneza hardener, mankhwala oumitsa epoxy. N'chifukwa chake sichikuuma.

Musati muumitse kaye kenaka mupere. Timaulusiti n'tating'ono koopsa. Topangidwa ndi njira yogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa TEMPO, ija Akira Isogai ndi anzake a ku University of Tokyo anatulutsa mu 2006, m'mimba mwake ndi ma nanomita 3 kapena 4 okha (milimita imodzi ndi ma nanomita miliyoni). Madzi akachoka timagwirana tokhatokha n'kukhala chinthu chimodzi cholimba, ngati pepala lonyowa lomwe lauma litakwinyika, ndipo sitibalalikanso. Timibulu mukuonato ndi timeneto: selulozi amakonda madzi, utomoni umadana nawo, ndiye timaulusi timasankha kuunjikana. Kambulu kalikonse ndi poyambira mng'alu.

Ife timachotsa madziwo pang'onopang'ono. Timatsuka ndi ethanol kangapo, kenaka ndi acetone, n'kusakaniza ndi utomoni, acetone akauluka yense m'pamene timathira hardener. Zimadya nthawi, komanso acetone amayaka msanga. Yapafupi kwa inu ndi iyi: sefani phalaphalalo likhale kapepala kopyapyala, muumitse mutapanikiza, ndiye musanje timapepalato popaka utomoni pakati. Dziwani kuti kapepalako kamakhala kothinana kwambiri, utomoni sulowa msanga.

Mkulu wokayika:
Za kasanuzo muzimve bwino amwene. Amanena kaulusi kamodzi pakokha, osati chinthu chomwe mwathiramo pang'ono. Kupepuka ndiye n'zoona, selulozi ndi magalamu pafupifupi 1.5 pa cubic centimetre pamene chitsulo ndi 7.8. Koma onani komwe zafika pamsika: mu inki ya bolopeni ya Uni-ball Signo 307, m'soli ya nsapato za ASICS Gel-Kayano 25 za 2018. Galimoto yokhala ndi timaulusiti yomwe anaonetsa ku Tokyo Motor Show mu 2019 inali yachionetsero. Pa chigwiriro cha mpeni, ine ndikanangosanja nsalu ya flax kapena ya thonje mu utomoni womwewo. Ndi selulozinso, ndipo sizikuvutitsani.

China, epoxy akauma wauma, kaya wachokera ku soya kaya ku petulo. Saola m'nthaka. Ambiri a epoxy amenewa gawo lalikulu likadali la petulo, werengani papepala lake.

Wa ma printer a 3D:
Mafakitale ena salimbana n'komwe ndi phalaphalalo. Gulu la Hiroyuki Yano ku Kyoto University limayamba lathira mankhwala pa zamkati za mtengo kuti zisamakonde madzi, kenaka amazikanda pamodzi ndi pulasitiki wosungunuka m'makina, ulusi n'kumagawikana momwemo. Koma selulozi akapitirira madigiri 200 amayamba kupsa, ndiye amafuna pulasitiki wosungunuka msanga, monga PLA wa ku chimanga kapena nzimbe, kapena nayiloni 11 wa mafuta a nsatsi. PLA musamuike pa mpeni, amayamba kufewa pa madigiri 60.

Wazigwiriro:
Zikomo nonse. Ndiyesa za timapepalazo pa kachidutswa, nsalu pa kena, ndigwetse zonse pa simenti. Mayi, nanga poti mpeni umatsukidwa tsiku ndi tsiku, sichidzafufuma?

Mayi wa mu labu:
Chidzamwa madzi paliponse pomwe mwapala n'kusiya ulusi pamtunda, makamaka m'mabowo a misomali. Mukamaliza kusalaza pakaninso utomoni, ndi m'mabowomo momwe. Yezani kachidutswako pa sikelo, mukaviike m'madzi sabata imodzi, muyezenso. Mudzatiuze manambala ake.