Akuti ayatsa cochlear implant ya mwana wanga patangotha masiku awiri, sikufulumira kumeneku?

Amake mwana ku Area 25

Abale muli bwanji, ndithandizeni nzeru mutu wanga waima. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 6, anadwala matenda oumitsa khosi aja miyezi itatu yapitayo, anachira inde tithokoze Mulungu koma potuluka m'chipatala makutu onse awiri anali atatseka, ndimamuitana kumbuyo olo kugwetsa poto pansi iye osatembenuka ngakhale pang'ono. Atamuyeza anati ma hearing aid sathandiza, chofunika ndi cochlear implant, kachipangizo kothandiza kumva komwe amaika m'khutu pochita opareshoni, ndipo tisachedwe. Ampingo ndi achibale asonkha, sabata yamawa tikunyamuka kupita ku India.

Nde chikundisowetsa tulo ndi ichi, adokotala akumeneko tinalankhula nawo pa WhatsApp akuti opareshoni ikachitika Lolemba, Lachitatu ayatsa kachipangizoko. Koma ine ponse pomwe ndawerenga akuti amadikira masabata atatu kapena anayi chilonda chipole kaye. Kodi kulowetsa magetsi m'khutu loti angolicheka kumene sikuononga mitsempha? Kapena akuthamangitsa poti aona kuti ndalama zathu zokhalira kumeneko ndi zochepa? Bambo ake akuti tingomvera adokotala koma ine mtima ukukana, khutu lake ndi lomweli sitingagule lina.

Woyeza makutu mu Lilongwe

Pepani kwambiri amayi, matenda amenewo ndi oipa. Ine ntchito yanga ndi yoyeza makutu nde ndifotokoze motalikirapo mundipirire.

Choyamba mtima ukhale pansi, kuyatsa msanga sichinthu chomwe angokupangirani inu chifukwa cha thumba lanu. Madokotala aku Taiwan ndi Saudi Arabia akhala akuyatsa pasanathe olo maola 24 kwa zaka zingapo tsopano, ndipo chomwe chinaoneka nchakuti pakatha miyezi ingapo oyatsiridwa msanga ndi odikira aja amamva mofanana. Magetsi akenso musaganize ngati a pa soketi ayi, ndi timphamvu tochepa kwambiri tomwe timangogwedeza mtsempha wakumva, ndipo dziwani kuti ali mu theatre momwemo mwana asanadzuke amayamba kale atumiza timagetsi timeneti kuti aone ngati mtsempha ukuyankha.

Kudikira masabata anayi kuja kwenikweni chinali chifukwa cha khungu lakunja osati zamkati. Chipangizochi chili pawiri, china amachiika pansi pa khungu kuseri kwa khutu ndipo chili ndi maginito, china nchakunja chovala ngati hearing aid chomwe chimamata pamutu ndi maginito akenso. Khungu likatupa ziwirizi zimatalikirana, chakunjacho chimangogwa kapena uthenga sudutsa bwino. Kale ankacheka malo aakulu nde kutupa kumachedwa kuphwa, masiku ano amacheka pang'ono basi. Ndiye dokotala amaona pachilonda, ngati patupa kwambiri kapena magazi aundana pansi pa khungu amaimitsa okha.

Zamkati ndi zomwe ndikufuna mumvetse bwino chifukwa ndi zomwe zidzakuvuteni mukabwerera kuno. Mkati mwa khutu muli kafupa kopindika ngati chigoba cha nkhono, cochlea imeneyo, kamazungulira kawiri ndi theka, kutambasula ndi pafupifupi mamilimita 35 ndipo mkati mwake ndi madzi. Mmenemo ndi momwe amalowetsamo kawaya kofewa kokhala ndi ma electrode, tizitsulo totulutsa timagetsi tija, a kampani ya Cochlear amakhala 22, a Advanced Bionics 16, a MED-EL 12. Thupi likaona chinthu chachilendo chalowa silikhala chete, mkatimo mumatupa pang'ono, kenako kawaya kaja kamayamba kukutidwa ndi kaminofu ngati chipsera, pena mpaka kafupa katsopano kumera. Zimenezi zimachitika kaya mwayatsa tsiku lachiwiri kaya pakatha mwezi. Ife timaziona pa kompyuta ndi muyezo wotchedwa impedance, kutanthauza kuti magetsi akuvutika bwanji kudutsa. Masiku otsatira opareshoni imakwera, mukayamba kugwiritsa ntchito chipangizo imatsika, ndipo imadzakhazikika pakatha miyezi ingapo. Nchifukwa chake madokotala ambiri amapereka mankhwala ngati dexamethasone nthawi ya opareshoni kuti kutupa kwamkatiko kuchepe.

Tanthauzo lake nlakuti mmene adzachunire Lachitatu lijalo, chomwe timachitcha map, sichikhalitsa. Pakatha sabata ziwiri khutu lidzakhala litasintha, mawu omwe anali bwino atha kuchepa kapena kusokosa. Nde ine funso langa kwa inu silakuti ayatse liti, koma mukatera pa bwalo la ndege la KIA adzapitiriza kuchuna ndani? Kampani iliyonse ili ndi pulogalamu yake ndi zingwe zake. Musanakwere ndege pitani ku ABC Hearing Clinic ku Area 47 kapena ku ENT, mbali yoona za makutu, mphuno ndi khosi ku chipatala cha Kamuzu Central, mukafunse mtundu womwe angathe kukuthandizani nawo, kenako muwauze aku India.

Ndipo poti ndi matenda oumitsa khosi, musasunthe tsiku la opareshoni olo zitavuta bwanji. Matenda amenewa amapangitsa kuti nkhono ija iyambe kuuma kusanduka fupa, pena pakangotha masabata ochepa, ndipo ikatsekeka kawaya kamavuta kwambiri kulowa.

Bambo wa ku Kawale

Achemwali ife tinadutsamo. Wathu wamwamuna anamuika ali ndi zaka 4 ndipo tinadikira masabata anayi athunthu, ndinene zoona mwezi umenewo unali wowawa kuposa opareshoniyo, mwana ali ndi bandeji kumutu sakumva kalikonse ndipo sakudziwa kuti amuchekeranji, ndalama ya loji ikungotha tili chikhalire. Akanandiuza za masiku awiri ine ndikanavomera ndi manja awiri.

Koma konzekani pa ziwiri. Chizungulire, wathu masiku atatu oyamba amayenda ngati woledzera ndipo anasanza kawiri, adokotala anati mbali yomwe imathandiza munthu kuima bwinobwino ili khomo limodzi ndi nkhono ija madzi akenso ndi amodzi nde ikagwedezeka kwina kumamvanso. Zinatha zokha sabata isanathe. Chachiwiri musayembekezere za m'mavidiyo a pa Facebook zija mwana akumwetulira mayi akulira ndi chimwemwe. Wathu atangoyatsa anakuwa, kuchizula nkuchiponya pansi, mayi ake analira poganiza kuti zakanika. Zinatitengera masabata kuti azichivala tsiku lonse, timachita kumunyengerera ndi ma jigisi.

China mugule mabatire ochajitsa awiri kapena atatu ndi ka power bank, mukudziwa mmene magetsi amatichitira kuno.

Amake mwana ku Area 25

Zikomo kwambiri nonse, ndapumako. Koma a woyeza makutu, ngati ayatsa khungu likadali lotupa maginito aja sakamupweteka pachilonda? Mwanayu ndi woonda kale chidwalireni.

Woyeza makutu mu Lilongwe

Funso labwino kwambiri limenelo amayi ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amapusa. Maginito akunja ali ndi mphamvu zosiyanasiyana, amasinthika. Poyatsa msanga nthawi zambiri amaika amphamvu kuti agwire podutsa potupapo, nde kutupa kukaphwa maginito omwewo amayamba kufinya khungu, pamafiira, pakapanda kuoneka msanga pamabooka chilonda pamwamba penipeni pa chipangizo, zomwe ndi zoopsa kuposa zonse takambazi. Muwapemphe akupatseni maginito ofookerapo mubwere nawo, ndipo usiku uliwonse mukamuvula muzipatula tsitsi nkuona pakhungupo ndi tochi. Pakafiira osabwerera mwakale mpaka mmawa, asavale mpaka aonedwe.

Muonenso nkhope yake akavala. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa pafupi kwambiri ndi nkhono, pena diso kapena mlomo umaphethira mawu akamveka, makamaka kwa amene mkati munayamba kuuma. Sizoopsa, timangochepetsa mphamvu kapena kuthimitsa electrode imodziyo. Akamadandaula kuti chakudya chikumveka ngati chitsulo mbali imodzi ya lilime musadabwenso, kamtsempha kolawira kamadutsa m'khutu momwemo ndipo nthawi zambiri zimatha zokha. Koma kutentha thupi, mutu kwambiri, khosi kuuma, mafinya kapena madzi oyera kutuluka m'khutu kapena m'mphuno, apo musadikire kuche thamangani kuchipatala. Mutenge buku lake lakusikelo akaone ngati katemera wa chibayo uja PCV analandira yense, kuno anayamba mu 2011 nde ayenera kuti anabayidwa, koma kwa oikidwa implant amaonjezera wina.

Ankolo a ku Biwi

Ndilowererepo monga mwini khutu. Ine ndinagontha ndili wamkulu kale chifukwa cha majakisoni a TB yosamva mankhwala ija, ndipo anandiyatsira patatha masiku asanu. Kupweteka sindinamve ayi, chomwe ndinamva ndi phokoso ngati wailesi yosagwira siteshoni, aliyense akalankhula mawu ake ngati kaloboti, mkazi wanga ndi adokotala osasiyana. Zomwe akunena apamwambawa zoti mkati mumasintha ndi zoona ndithu, sabata yachitatu ndinaona ngati wina watsitsa voliyumu ndekha ndinachita mantha kuti chaonongeka, atachunanso zinabwerera. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba anandichuna kasanu. Kulira kwa m'khutu komwe kumandisowetsa mtendere zaka ziwiri kunachepa ndikavala, usiku ndikavula kumabweranso pang'ono.

Mwana wanuyo ali ndi mwayi umodzi waukulu, anayamba walankhula kale, ubongo wake ukukumbuka mawu a Chichewa. Mwezi uliwonse womwe akukhala chete akuiwalako, nde ine ndikuti bola ayatse msanga. Mukabwera muzimulankhula kwambiri, pophika, pochapa, nyimbo zakwaya zomwe amazidziwa kale muzimuimbira, ine nyimbo yoyamba kuizindikira inali yomwe timaimba ku Sande sukulu kalekale ndipo ndinagwetsa misozi mu minibasi anthu kumandiyang'ana.

Aphunzitsi a ku Mchesi

Koma bwanji India asisi, ku Blantyre amapanga opareshoni imeneyi, anayamba mu 2014 a Dr Wakisa Mulwafu ndi madokotala ochokera ku UK. Sindikutsutsa ayi ndangofunsa. Komanso pempho langa monga wophunzitsa ana osamva, musataye chilankhulo chamanja, akavula chipangizo posamba kapena pogona kapena batire ikatha mwanayo samva, muzikhala ndi njira yolankhulirana naye. A MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi muno, atha kukulozerani kophunzira.

Amake mwana ku Area 25

Aphunzitsi za ku Blantyre tinazimva, koma mlamu wanga ali ku India komweko ndi amene anatipezera tsiku lapafupi ndi pogona, nde poopa zoti mkati mukuuma zija tinangoti tipite. Za manja tayamba kale tokha pakhomo zongopeka, akulu ake ndi amene amamvana naye kwambiri, ndikafunsa kwa a MANAD tiphunzire zenizeni.

Mawa mmamawa ndipita ku 47 ndi mapepala onse ndikafunse za mtundu wa chipangizo, ndalemba kale m'kope za maginito ofooka, katemera ndi map kuti andipatse pa flash pobwera. Ankolo a ku Biwi mawu anu ndawawerengera bambo ake, akuti akufuna adzakuoneni tikabwerako mwana adzaone munthu wamkulu wovala ngati chake.