Kodi munthu wozolowera nsima amakhuta m'malo odyera aang'ono a ku Mexico?

Phiri wa ku Kasungu:
Akuluakulu, mwezi wamawa ndikupita ku Texcoco, pafupi ndi Mexico City, kukachita maphunziro a miyezi itatu ku likulu la bungwe la CIMMYT lomwe limafufuza za chimanga ndi tirigu. Ndamva kuti chakudya chabwino ndiponso chotsika mtengo chimapezeka m'tinyumba todyeramo toyendetsedwa ndi mabanja. Nkhawa yanga ili pa zinthu ziwiri: mimba yanga siigwirizana ndi tsabola wambiri, komanso tsiku limene sindinadye nsima ndimaliona ngati ndagona ndi njala. Amene munakhalako kumeneko, ndithandizeni nzeru.

Nabanda:
Bambo Phiri, malo amene mukunenawo amawatcha fonda kapena cocina económica, ndipo kawirikawiri mayi ndiye amakhala pamoto, mwana wake akuperekera mbale, pamene agogo akuwerengera ndalama pakhomo. Chofunika kudziwa poyamba ndi nthawi. Chakudya chachikulu cha anthu a kumeneko chimadyedwa pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko masana, choncho mukafika 12 koloko monga tinazolowerera kwathu mudzapeza miphika isanapse, ndipo mukapita madzulo mudzapeza ambiri atatseka.

Mudzaitanitse comida corrida, chomwe ndi chakudya cha tsikulo pa mtengo umodzi. Amayamba ndi msuzi, kenaka mpunga wofiira wothira tomato, kenaka ndiwo imene mwasankha mwa zitatu kapena zinayi zimene mayiyo waphika, nyemba pambali, ndi kanthu kotsekemera pomaliza. Pambali pa zonsezi amabweretsa tortilla, mkate wopyapyala wa chimanga, wotentha wokulungidwa m'kansalu, ndipo akatha amawonjezera. Ameneyo ndiye nsima yawo. Mumamng'amba, n'kumapisa mu msuzi kapena kutapira nyemba, ndipo palibe amene angakudabweni mukamadya ndi manja. Ine masiku oyamba ndinkangodya awiri chifukwa cha manyazi, mpaka nditaona mmisiri wina patebulo loyandikana nane atamaliza asanu ndi atatu.

Mwale Agogo:
Ndionjezereko pa nkhani ya tortilla, chifukwa ikukhudza ntchito imene mukupitira. Chimanga chimene timadalira ife chinachokera kumeneko, komwe anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte. Mbewu inafika kwathu, koma kakonzedwe kake kanatsalira. Iwo amawiritsa chimanga m'madzi othira laimu, ena phulusa, n'kuchisiya usiku wonse, m'mawa n'kuchitsuka ndi kuchipera chikadali chonyowa. Njira imeneyi imamasula vitamini B3 amene thupi silitha kumupeza m'chimanga chosakonzedwa motero, ndipo kusowa kwake kumayambitsa matenda a pellagra, omwe anavuta kwambiri m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique kuno ku Malawi mu 1990. Chodabwitsa n'chakuti chidulo timachidziwa bwino, koma timangochithira m'ndiwo monga therere basi. Mukakalowa m'malo amene mayi akuwomba tortilla ndi manja n'kumuika pachiwaya chawo chotchedwa comal, kakhaleni pomwepo, chifukwa wogula m'mapaketi safanana naye ngakhale pang'ono.

Nabanda:
Ndinaiwala za tsabola. Ndiwo zambiri za m'fonda sizikhala zowawa kwambiri, moto umakhala m'timbale ta salsa timene amaika patebulo, wina wobiriwira wina wofiira, ndipo mumathira nokha. Musanyengeke ndi mtundu, chifukwa wobiriwira nthawi zina ndiye woopsa. Funsani kuti "¿pica?", kutanthauza kuti "kodi akuwawa?", koma akayankha kuti "poquito", kutanthauza pang'ono, lawani kadontho kaye, poti pang'ono pawo n'pofanana ndi kambuzi wathu.

Nangozo:
Ine chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti zambiri ndinkazidziwa kale. Chakumwa chofiira chimene amachitcha agua de jamaica ndi chidede chenicheni chothira shuga. Maluwa a maungu amawaika m'tortilla pamodzi ndi tchizi, mapeyala ali paliponse, ndipo ziwala zokazinga, zomwe amati chapulines, amazidya ndi mandimu ndi mchere, makamaka m'chigawo cha Oaxaca. Chokhacho chimene ndinalimbana nacho ndi huitlacoche, bowa wakuda uja womera pachisononkho amene ife timataya kumunda, koma iwo amamugula modula.

Popeza mudzakhala ku Texcoco, Lamlungu lina m'mawa mukalawe barbacoa, nyama ya nkhosa yokulungidwa m'masamba a maguey, chomera chofanana ndi khonje, n'kuphikidwa m'dzenje usiku wonse. Tengani ndalama zapamanja chifukwa malo ambiri aang'ono salandira khadi, ndipo musiyeko kangachepe ka woperekera, pafupifupi 10 pa 100 iliyonse. Sadzakubweretserani bilu mpaka mutanena kuti "la cuenta, por favor", ndipo potuluka muziuza amene akudya kuti "buen provecho", kutanthauza kuti "idyani bwino", monga mmene iwonso adzakuuzireni.

Phiri wa ku Kasungu:
Zikomo kwambiri nonse. Ufa ndimati ndinyamule uja ndausiya. Mayi Nangozo, kodi barbacoa ameneyo amatha nthawi yanji, kuti ndidzaone ngati ndingayambe ndapita kutchalitchi?