Gulu la Kwathu ku Chilomoni: za ulendo wa amayi ku Scotland

Amalume (Chirimba): Fatsani, chinyamukireni pa Chileka paja tangoona chithunzi chimodzi chokha. Tatiuza wayenda bwanji, paja nkhani ya ulendo wa mayi ako ikudikira iweyo.

Fatsani: Pepani amalume, masiku oyambawa thupi limangofuna tulo. Ndinafika bwinobwino, ndili kwa achemwali ku Glasgow. Ndifotokoze mwatsatanetsatane kuti tidziwe zimene amayi akakumane nazo panjira.

Fatsani: Kuchoka pa Chileka kukafika ku Addis Ababa pa ndege ya Ethiopian ndi maola pafupifupi 4. Tinatera kutada. Ntchito yeniyeni ili pa bwalo la Bole. Anthu ndi piringupiringu, zipata zili motalikirana, ndipo amakusechanso kachiwiri, kuvula nsapato ndi lamba, foni m'kabeseni. Usiku kumazizira chifukwa mzindawo uli pamtunda, mamita oposa 2,300. Nthawi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye munthu ukamayendera wotchi ya kwathu ndege itha kukusiya. Ya ku London imanyamuka pakati pa usiku, ndipo maola pafupifupi 8 umakhala uli chikhalire. Potsika pa Heathrow mapazi anali atatupa, nsapato zikundithina. Ngati ineyo ndinamva choncho, nanga amayi ndi mawondo awo aja?

Azakhali (Bangwe): Iii mwanawe, ndiye ndi ulendotu. Kudya anakupatsani?

Fatsani: Anatipatsa azakhali, mpunga ndi nkhuku, m'mawa buledi ndi tiyi. Koma nsima iwalani kaye. Pa Heathrow anandifunsa kuti ndabwera kudzatani, ndikhala kwa ndani, ndibwerera liti. Ndinaonetsa kalata ya achemwali ndi tikiti yobwererera, basi anandilola. Kuchoka apo ndi kukakwera sitima pa siteshoni ya Euston mu London mpaka Glasgow Central, maola 4 ndi theka.

Chisomo (Glasgow): N'chifukwa chake ine ndikunenetsa kuti amayi asabwere okha. Ine ndidzawachingamira pa Heathrow, koma pa Addis sindingawafikire. Pogula tikiti tidzapemphe kuti akawatenge pa wilutcheya, ndege zimachita zimenezi popanda kulipira. Mpando ukhale wa m'mphepete mwa kanjira kuti azitha kudzuka n'kuyendayenda, chifukwa munthu wamkulu akakhalitsa malo amodzi magazi amatha kuundana m'miyendo. Azimwa madzi pafupipafupi ngakhale alibe ludzu. Mankhwala a BP akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake omwe, pamodzi ndi kalata ya adokotala.

Amalume (Chirimba): Zomveka. Koma ine maganizo anga ndi akuti apite Disembala, akadye Khirisimasi ndi adzukulu. Chitisiyireni bambo anu, mlongo wangayu Khirisimasi imamukulira kwambiri.

Chisomo (Glasgow): Amalume ndikukumvani, ndipo nanenso ndimalakalaka zimenezo. Koma Disembala kuno dzuwa limalowa nthawi isanakwane 4 koloko masana, ndipo kumayera cha m'ma 9 m'mawa. M'misewu mumaterera ndi madzi oundana. Ine ndimakhala ku ntchito ku chipatala, bambo ake a ana chimodzimodzi. Amayi angamadzangokhala m'nyumba okha kuyang'ana pawindo, opanda woti n'kumupatsa moni. Munthu wozolowera kukhala pakhonde, anthu akudutsa akumulonjera, zimenezo zingamudwalitse.

Fatsani: Achemwali akunena zoona amalume. Panopa mu Juni ndi nyengo yawo yotentha, koma ine juzi sindikuvula. Kamvula kake ndi ngati chiperoni cha kwathu, kamangowaza tsiku lonse. Chimene chandidabwitsa ndi kuwala. Usiku woyamba ndinayang'ana foni, 10 koloko, koma kunja ukutha kuwerenga nyuzipepala. Ana anagona kalekale, makatani okhuthala atatsekedwa, ine ndili maso gwa pawindo. Pofika 5 koloko m'mawa kwayeranso. Amayi akabwera nyengo imeneyi adzayenda, adzaona malo, adzakhala panja ndi adzukulu mpaka madzulo.

Thoko: Ngati ndi choncho ine ndikhoza kuwaperekeza. Sukulu timatseka temu yachitatu mu Julayi, kutsegulanso Seputembala. Tikanyamuka kumapeto kwa Julayi chaka chamawa zikhoza kutheka.

Chisomo (Glasgow): Thoko wandikhazika mtima pansi. Ana kuno amakhala pa holide kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka pakati pa Ogasiti, ndiye mudzawapeza ali pakhomo. Ine tchuthi changa cha pachaka ndidzachiika pamenepo.

Amayi (akulemba ndi Tadala): Ana anga, ndamva zonse. Za kuzizira ine sindilimbana nazo, mundiuze mwezi basi. Koma Fatsani undiyankhe, ku Blantyre wa kumeneko wafikako?

Fatsani: Ndinapitako Loweruka amayi, ndipo ndimakukumbukirani njira yonse. Pa sitima kuchoka mu Glasgow sipakwana theka la ola. Ndi katawuni kakang'ono, kachete, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Ndinaima pa siteshoni kuyang'ana chikwangwani cholembedwa Blantyre, mtima unachita kugunda. Nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813 ilipobe, yopaka laimu, amaitcha Shuttle Row. Munkakhala mabanja ambiri a anthu ogwira ntchito pa fakitale ya thonje. Banja lawo lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, mabedi olowa m'khoma, pophikira pomwepo. Iye anayamba ntchito pa fakitaleyo ali ndi zaka 10, sukulu ankaphunzira madzulo akaweruka. Ine ndinkaganiza kuti anali mwana wa anthu olemera, koma anali mwana wa amphawi ndithu. Panja pali chiboliboli chake mkango ukumugwira phewa.

Amalume (Chirimba): Eya, dzina la mzinda wathu linachokera kumeneko. Amishoni a ku Scotland atafika kuno mu 1876 anatcha malo a mishoni Blantyre pokumbukira kwawo kwa Livingstone. Tchalitchi cha St Michael chimene mayi ako amapempheracho anamanga ndi David Clement Scott pamodzi ndi anthu akuno, kuyambira 1888 mpaka 1891, njerwa zake zoumba ndi kuotcha pomwepo. Ndagonja, apite Julayi. Malo ngati amenewo ayenera kukawaona kukuwala.

Amayi (akulemba ndi Tadala): Yunifolomu yanga ya Mvano idzalowe m'chikwama, ndikajambulitse nditavala pakhomo pa nyumba imeneyo. Ndipo ana a Chisomo ndidzawatengere ufa woyera, usipa ndi nyama yofutsa.

Chisomo (Glasgow): Amayi, nyama ayi. Malamulo a kuno salola nyama kapena za mkaka zochokera kwathu, amalanda pa bwalo la ndege. Nsomba zouma amalola mpaka makilogalamu 20, uchi makilogalamu 2. Usipa muukulunge bwino m'mapulasitiki angapo kuti fungo lisalowe m'zovala. Onjezani mpunga wa Kilombero, tiyi wa Chombe ndi Nali. Koma Nali akhale m'chikwama chachikulu, chifukwa m'chikwama cha m'manja zamadzimadzi zoposa 100ml amakusiyitsa.

Fatsani: Ine tikiti yanga inalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse, ndi cha m'manja cha makilogalamu 7. Za tchaja musavutike, masoketi a kuno ndi ofanana ndi athu, ndipo galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu komweko. Chovuta ndi Chizungu cha ku Glasgow, amayankhula mothamanga, ndimachita kupempha kuti abwereze. Koma ndi anthu ochezeka, gogo wina pa siteji ya basi nditamuuza kuti ndine wa ku Malawi anandigwira dzanja osafuna kulisiya.

Azakhali (Bangwe): Tsopano tikambe za ndalama, paja nkhani ya forex mukuidziwa. Komanso pasipoti ya alamu anga ili bwanji?

Thoko: Ikutha mu Febuluwale azakhali. Ndiwaperekeza ku Immigration mwezi uno kuti tisadzachite phuma.

Chisomo (Glasgow): Visa ya mlendo ndi ya miyezi 6, ndipo munthu sungafunsire patatsala miyezi yoposa 3 kuti unyamuke, ndiye ndi kumapeto kwa Epulo kapena Meyi. Fomu ndidzawalembera pa intaneti, koma kukadinda zala adzayenera kupita ku Lilongwe. Yankho nthawi zambiri limatenga masabata 3. Tisadzalipire tikiti visa isanatuluke. Ine ndi alamu anu titenga tikiti ya amayi ndi mavisa onse awiri, tidzalipira kuno m'mapaundi. Kwanuko muthandizane ya Thoko, ulendo wa ku Lilongwe, ndi inshulansi ya paulendo, chifukwa mlendo akagonekedwa m'chipatala kuno bilu yake ndi yaikulu.

Amalume (Chirimba): Chabwino. Nyumba iliyonse iziponya K100,000 pakutha pa mwezi kuyambira Julayi uno. Azakhali anu asunge, paja za ukwati wa Thoko anasunga bwino. Amene zamuvuta mwezi umenewo andiuze ine kumbali, osati kungokhala chete.

Azakhali (Bangwe): Ndavomera. Muzitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ndizilemba m'kope n'kujambula kuti aliyense aziona pano. Thoko, ukamapita nawo ku Immigration undiimbire, ndidzakupezani pa Wenela tipitire limodzi.