Kaliwo wa mtengo wotchipa ndi wa briar, kusiyana kwake kuli pati kwenikweni?

Watsopano_pa_Kaliwo:
Moni akuluakulu. Ine zosuta kaliwo ndangoyamba kumene, ndipo amene ndili naye ndi wa mtengo wa pear, wotchipa uja, koma kwa ine akukoka bwinobwino. Chikundizunguza nchoti paliponse anthu angoti briar briar ngati kuti akaliwo enawa ndi zidole. Kodi kusiyanaku kumamvekadi mkamwa kapena ndi matama chabe? Chinanso wangayu akumatentha kwambiri m'manja fodya akafika pakati, mpaka ndimamuika kaye pansi, vuto ndi mtengowu kapena kasutidwe kanga? Ndisanawononge ndalama mundithandize nzeru.

MadalaUtsi:
Takulandirani achimwene. Si matama ayi. Briar si thabwa wamba, ndi chibuthu chimene chimamera pansi pakati pa mizu ndi tsinde la chitsamba chotchedwa Erica arborea, chimapezeka m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ku Italy, Corsica, Greece, Algeria ndi kwina. Chibuthucho ntchito yake nkusunga madzi kuti chitsamba chipirire chilala ndi moto wolusa, ndiye chimakhala cholimba zedi, sichigwira moto msanga koma chimayamwabe chinyezi. Akachikumba amachidula timabuloko, nkuwiritsa maola ambirimbiri kuti utomoni wowawa uchoke kenako nkuumitsa kwa miyezi, ena mpaka zaka. Ndalama zanu zambiri zimapita pamenepo. Ku Saint-Claude ku France anayamba kusema akaliwo a briar cha m'ma 1850 ndipo sipanatenge nthawi dothi ndi mitengo ina zinatsalira m'mbuyo.

Pear, cherry ndi maple ndi mitengo yolimba inde koma siyifika pamenepo. Imatentha msanga, ndipo mukamakoka mwaphuma khoma la m'kati limayamba kupsa lokha nkukumbika kadzenje, likangobooka basi kaliwo watha. Ndiye kutentha mukunenako ndi zonse ziwiri, mtengo komanso inuyo.

Nkhalakale:
Madala zambiri mwanena zoona koma musamuopseze mwanayu. Ine ndili ndi a briar angapo, wa Peterson ndi wa Savinelli ali pomwepo, koma amene ndimamugwira kwambiri ndikamagwira ntchito panja ndi wa cherry, akagwa pa simenti mtima suwawa. Ndipo tisaiwale kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse briar atasowa ku America, makampani kumeneko ankasema akaliwo ndi mitengo ya manzanita ndi mountain laurel, anthu nkumasuta ndithu. Kampani ya Ropp ya ku France inatchuka ndi akaliwo a cherry, ku Poland mpaka lero akusema a pear ambirimbiri, kampani ya ku America ya Missouri Meerschaum yomwe inayamba 1869 ija imadziwika ndi akaliwo a zitsononkho koma imapanganso a mtengo.

Za kakomedwe, inde kusiyana kulipo makamaka poyamba, kaliwo wa pear kapena cherry akakhala watsopano mumamva kafungo ka mtengo wowauka kosakanikirana ndi fodya, ena amakakonda ati kotsekemera ena kamawanyansa. Koma m'kati mukangomata mwaye wolimba uja, fodya amapsera pa mwayewo osati pa mtengo, ndiye pamenepo kaya ndani angasiyanitse atatseka maso. Ine ndimakayika.

Ndiponso briar wotchipa si kuti ndi wabwino chifukwa wangotchedwa briar. Ena amakhala ndi timaenje tomata ndi phala nkupenta pamwamba kuti musaone, bowo la utsi analiboola mokhota moti kawaya kotsukira sikadutsa, kaliwo nkumangolira madzi kuti khororo khororo. Bola wa pear woboola bwino kusiyana ndi ameneyo.

Mai_wa_Latakia:
Ine nkhawa yanga ili pena. Pear, cherry, maple, olive, imeneyo ndi mitengo yodziwika palibe vuto. Oopsa ndi aja ogulitsidwa pa intaneti ongolembedwa kuti mtengo wolimba osatchula kuti mtengo wanji, onyezimira ngati tebulo chifukwa anawapaka vanishi wochuluka, nthawi zina mpaka m'kati moikamo fodya. Akatentha vanishiyo amatuwa nkutupa timatuza ndipo zimenezo mukukokera mkamwa. Pali mitengo ina yapoizoni monga yew ndi oleander, ndiye ngati wogulitsa sakunena dzina la mtengo musiyeni. Komanso poti mwangoyamba kumene achimwene ndinene ndithu, kaya briar kaya pear utsi ndi womwewo, khansa ya mkamwa ndi pakhosi siyang'ana kuti kaliwo munagula zingati, ngakhale musameze utsi.

Watsopano_pa_Kaliwo:
Zikomo nonse, ndamva mayi. Wanga m'kati mulibe vanishi, ndi mtengo woyera chabe ungoyamba kuda cha kumtundaku. Ndiye mwaye mukunenawo ndiupanga bwanji kuti asabooke?

MadalaUtsi:
Musamadzaze kaye, muziika fodya theka nkusuta mpaka pansi kuti kumunsi nako kude, chifukwa kwinaku kukamata pansi pali pambalambanda mpamene pamayambira kupsa. Fodya musakanikize kwambiri, mukayesa kukoka musanayatse mpweya uzidutsa mosavuta. Yatsani ndi machesi kapena laita ya lawi lofewa, zamoto wa buluu zija zimaotcha mkombero nthawi yomweyo. Kokani pang'onopang'ono, akazima azime muyatsanso palibe mpikisano, ndipo mukaona kuti simungamugwire m'manja kwa kanthawi ndiye kuti mwathamanga, muikeni pansi azizire.

Mukamaliza tsekani pamwamba ndi chala nkukhutchumula kuti phulusa limate m'makoma, tayani lotsalalo, pititsani kotsukira mu kachubu kenako mumusiye apume tsiku lathunthu aume. Mwayewo usapitirire milimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ukanenepa kwambiri umafufuma ndi kutentha nkung'amba mtengo. Kachubu musamazule ali wotentha, pamathyoka polumikizira. A Nkhalakale za kutseka maso zija tidzayesa tsiku lina, ine ndikuti ndingasiyanitse.

Nkhalakale:
Hahaha madala mudzabwere ndi fodya wanu, kaliwo ndidzabweretsa ine.