Ndigule kompresa ndizipopa ndekha? Penti wa galimoto wamatukanso

Bambo a Tada: Abale mwaswera bwanji m'gulu muno. Ndithandizeni maganizo ndisanatayenso ndalama. Vitz yanga ya silver ndinaipentetsa chaka chatha mu June pa galaja ina kuno ku Lilongwe, dzina sinditchula, inatuluka ikuwala zedi moti anzanga kuntchito amafunsa ngati ndagula ina. Mvula itafika pakati denga linayamba timatuza, pano denga ndi boneti penti akumatuka ngati khungu la mbatata yophika, ukangolowetsa chikhadabo chimachoka chigamba chonse kukula ngati chikhatho. Pansi pake penti wakale uja ali bwinobwino, osalala, akuwala ngati sanakhudzidwe. Zandiwawa kwambiri chifukwa ndalama imeneyo ndinasunga miyezi yambiri. Ndiye pali munthu akugulitsa kompresa (makina opopa mpweya) ya malita 50 ndi gani yake yomwe yopopera penti, mtengo ndi pafupifupi theka la zomwe apenti akunditchaja kuti abwereze galimoto yonse. Ndigule ndizipopa ndekha kapena ndisiye?

Kabaza Boss Mzuzu: Gulani achimwene osachedwa. Ine yanga ndinagula kalekale ndipo inabweza ndalama yake, ndimapopera mageti, mabagala, njinga zamoto zanga zonse, kupopa mateyala, kuuzira fumbi mu air filter. Zinthu zikukwera daily, kuyambira kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 paja palibe chomwe chinatsikapo, mukadikira miyezi itatu mudzaipeza mtengo wina

Mpenti wa ku Biwi: Bambo a Tada yankho mwalinena nokha koma simunalione. Mwati pansi penti wakale akuwala. Ndiye kuti galimoto yanu sanaipale, anangoitsuka n'kuthira penti pamwamba. Penti watsopano sagwira pa chinthu chosalala, amafuna timizere ta sandipepa kuti alume. Pamalo powala amangokhalapo ngati pepala lonyowa pa galasi, dzuwa likawomba chitsulo chikafutukuka, madzi akalowa pakamng'alu kamodzi, basi amayamba kusendeka. Vuto silinali makina opopera ayi, mwina gani yawo inali yabwino kuposa imene mukufuna kugulayo. Mukagula kompresa n'kuchita zomwezo, mudzalira kachiwiri

Bambo a Tada: Ndiye kuti nditapala bwino ndekha, kompresayo ikhoza kugwira ntchito eti?

Mpenti wa ku Biwi: Pa bampa kapena fenda imodzi inde. Pa denga ayi. Anthu amayang'ana malita a thanki koma chofunika ndi mpweya umene makinawo amatulutsa pa mphindi. Gani ya HVLP, ija yopopa ndi mpweya wambiri pa presha yochepa, imadya malita 250 kapena kuposa pa mphindi, timakompresa ta 50 tija tambiri sitifika pamenepo, ndiye mumayamba bwino, mukafika pakati pa denga presha yagwa, gani yayamba kulavula, muime kudikira idzadze pomwe penti mbali ina wayamba kale kuuma. Mzere umenewo udzaoneka mpaka kalekale. Komanso kakompresa kakang'ono kakamalira osapuma kamatentha, mpweya wotentha umatenga chinyezi, madzi amatsika mu paipi n'kutulukira limodzi ndi penti. Popanda water trap, kachida kosefa madzi mu mpweya, timatuza tomwe munaona tija tidzabweranso. Onjezani magetsi akazime muli pakati pothira kiliya, penti wowala wapamwamba uja, hadena woumitsa penti mwasakaniza kale

Mayi a Chiso: Pepani ndilowererepo, ine yanga sinapentedweko chibwerere ku Japan koma denga layera ngati lathiridwa ufa ndipo kachikopa kowala kaja kakusupuka m'mbalimbali. Nayonso ndi nkhani ya sandipepa?

Mpenti wa ku Biwi: Ayi mayi, yanuyo ndi ina. Penti wa ku fakitale amakhala ndi zigawo, pansi pa zonse pali choteteza dzimbiri, kenako pulayima, kenako mtundu, pamwamba kiliya yowala ija. Dzuwa limapsereza kiliya pang'onopang'ono, imayamba kuyera kenako kusweka. Nchifukwa chake zimayambira denga, boneti ndi pamwamba pa buti, zitseko zimakhala zili bwino. Ikafika posupuka polishi sangathandizenso, ndi kupala basi

Sienta ya ku Mangochi: Zoona zimenezo. Kuno kunyanja dzuwa la October galimoto ikakhala pa siteji tsiku lonse denga sungaligwire ndi dzanja. Ndipo anyamata otsuka ambiri amathira sopo waufa wochapira zovala ndi kansanza komwe apukutira mateyala, wax yense amachoka, mchenga uli mu nsanzamo ukukanda. Kwinako timathawira pansi pa mtengo kufuna mthunzi, mbalame zikuchitira pa denga, zitosi zikauma masiku atatu padzuwa zimasiya chipsera mu kiliya

Wa ku Joni: Ine ndimagwira ntchito ku panel shop kuno ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi. Pa zoyera za pearl palinso nkhani ina, mu 2019 Toyota ku Japan inatalikitsa waranti pa mtundu wa 070 pa magalimoto ena ngati Alphard, Vellfire ndi Hiace chifukwa kuwala kwa dzuwa kumadutsa penti n'kufooketsa kugwirana kwa zigawo zapansi, penti amachoka zigamba zikuluzikulu mpaka kuoneka chigawo chotuwa chapansi. Code ya mtundu imakhala pa kachitsulo kapena sitika pa chipilala cha chitseko kapena mu injini. Koma ya Bambo a Tada si imeneyo, yawo ndi prep, kukonza galimoto musanathire penti, basi monga anenera akuluwa.

Chimene ndikufuna kunena ine ndi cha thanzi. Hadena wa 2K, penti wosakaniza ndi hadena uja, ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amawononga mapapo, munthu amatha kudwala asthma yosachoka. Kuno timapopa mu booth, chipinda chotsekeka chopoperamo, titavala mask yolandira mpweya wakunja. Kamask ka pepala kapena kansalu ka nthawi ya Covid sikatchinga chilichonse. Inu mukapopera pakhomo ku Area 25 ana ali pompo, ma neba ayanika zovala, utsi umenewo ukupita kuti? Chonde ganizirani zimenezi musanayang'ane mtengo

Kabaza Boss Mzuzu: Koma akulu mukuwaopseza kwambiri. Sikuti aliyense ayenera kupopa 2K, ine ndimagwiritsa NC, penti wosafuna hadena, imauma msanga, yotchipa, ukalakwitsa umapala mawa n'kubwereza. Aliyense anayamba osadziwa, a ku Biwi nawonso sanabadwe ndi gani m'manja. Munthu wapwetekedwa kale ndi apenti ndiye mukumubwezanso kwa apenti omwewo?

Mpenti wa ku Biwi: Pamenepo mwanena zoona achimwene, ine ndinaphunzira poononga ma fenda akutha ku sikirapu, ndipo apenti ena amatichititsa manyazi, sindikana. Koma NC pa geti ndi NC pa denga la galimoto yogona panja ndi zosiyana, siichedwa kusuluka padzuwa lathuli, imafuna polishi pafupipafupi, petulo akadonthera pa fenda imafewa. Ndipo tsiku lomwe adzafune kuthira 2K pamwamba pake zimatha kukwinyika, apalenso zonse.

Bambo a Tada ndikuuzeni zomwe galimoto yanu ikufuna muone ngati kompresa ikupezekapo. Choyamba penti yense wa chaka chatha achoke, osati pomwe pamatuka pokha, chifukwa pomwe sanamatuke naponso sanapale, pangotsala nthawi. Yesani nokha, dulani timizere topingasana ndi leza pa chitseko, matani tepi yolimba, mukoke mwamphamvu, muona zomwe zitsalire pa tepi. Musanayambe kupala tsukani, kenako pukutani ndi degreaser, mankhwala ochotsa mafuta, nsalu imodzi yonyowa ina youma, chifukwa mukapala pali wax kapena silikoni ya polishi wa dashibodi mumaikankhira mu timizere, penti akabwera amachita timaenje ngati mwabaya ndi singano, ife timati ma fish eye. Kuchotsa penti wokanikayo sandipepa wa P80 (nambala ikamakwera sandipepa amakhala wosalala), kenako P180 kufafaniza mizere ya 80, kenako P320 kusalaza m'mphepete kuti chala chisamve pomwe penti wakale wathera. Osadumpha kuchoka 80 kupita 320, mizere idzatulukira pakatha mwezi penti akakhazikika. Pomwe chitsulo chaonekera pafunika epoxy kapena etch pulayima tsiku lomwelo, chikagona usiku chinyezi chayamba kale ntchito. Dzimbiri lichoke mpaka chitsulo chiyere, osalikwirira. Fila, phala lodzazira malo obonyoka, osaipala ndi madzi, imamwa madzi ngati siponji n'kudzawatulutsa penti ali pamwamba. Pulayima ikauma mupale ndi P500 youma kapena P800 ya madzi musanathire mtundu. Bampa ndi pulasitiki, imafuna pulayima yakeyake apo ayi ndi imene imayamba kusendeka. Zonsezi ndi masiku anayi kapena asanu a manja, kupopa kwenikweniko ndi maola ochepa

Bambo a Tada: Eee yangayo anaitenga Lachisanu m'mawa Loweruka madzulo anandiimbira kuti yatha. Ine ndinkasangalala kuti ndi achangu

Sienta ya ku Mangochi: Ndi momwe zimakhalira, ndipo ife eni magalimoto timathandizira, timakakamira mtengo wotsika komanso tikufuna galimoto mawa chifukwa ikaima tsiku limodzi ndalama ya tsikulo yapita. Wapenti amadula pomwe sitikuona, sandipepa ndi pulayima

Mayi a Chiso: Ine ndikuona ngati kugula kuli bwino ngati muli ndi ntchito zina zoti izigwira ngati a ku Mzuzu. Koma kugulira galimoto imodzi yokha, kuonjezapo water trap, paipi, mask yeniyeni, penti, thina, hadena, tepi, mapepala, simupitirira mtengo wa apenti uja? Werengani zonse pa pepala kaye bambo

Kabaza Boss Mzuzu: Zimenezo amagula kamodzi mayi, chaka chamawa zidzakhala zilipo. Ine maganizo anga sanasinthe, chida ndi chida. Koma pa denga ndavomera, yanga nayo imapuma pakati ndikamapopa geti lalikulu

Wa ku Joni: Pali njira yapakati. Prep pangani nokha pakhomo, sifuna kompresa, ifuna sandipepa, block yogwirira sandipepayo, degreaser ndi kuleza mtima. Kenako mupite nayo kwa wapenti amene ali ndi malo otsekeka akathire pulayima, mtundu ndi kiliya. Penti mukagule limodzi, pulayima hadena ndi kiliya zikhale za kampani imodzi, asakanize monga zalembedwa pa chitini, kiliya zambiri ndi 2:1, magawo awiri a kiliya gawo limodzi la hadena, koma werengani chitinicho, ndipo pakati pa ma coat adikire mphindi 10 mpaka 15 thina atuluke. Mtundu ukhale womwewo wa silver, mukasintha pafunikanso kukasinthitsa mapepala ku Road Traffic

Mpenti wa ku Biwi: Njira imeneyo ndi yabwino koma mugwirizane ndi wapentiyo musanayambe, ambiri sitikonda kupopa pa prep ya munthu wina chifukwa zikamatuka dzina loipa ndi lathu. Adzaione mukamaliza 180, adzaionenso mukamaliza 320. Ndipo musavule chitsulo pakhomo n'kuyenda nayo sabata, mupale panelo imodzi imodzi. Nthawi yabwino ndi mvula ikatha, May kapena June, chinyezi chachepa koma fumbi la August ndi mphepo yake lisanayambe

Bambo a Tada: Zikomo nonse, ndayesa za tepi zija pa chitseko chakumbuyo pompano, timabokosi tonse tatsalira pa tepi, ndiye kuti ndi galimoto yonse. Mwini kompresa ndamuuza kuti andipatse mpaka Lamlungu koma mtima wanga wapita ku sandipepa. A ku Biwi, pa Vitz yonse ndigule mapepala angati a 80 ndi 180, ndipo ndi manja okha ndingathe kapena ndibwereke sander?

Mpenti wa ku Biwi: Bwerekani sander ya orbital pa denga ndi boneti, manja muwasungire m'makona ndi m'mphepete mwa magalasi. Osati grinder chonde, imatenthetsa chitsulo denga limapindika. Tumizani zithunzi za mbali zonse zinayi ndione kaye ngati pali fila yakale pansi, ndikuuzani nambala ya mapepala