Thandizeni: diso la mchemwali wanga lachita chifunga, akuti ndi mtsempha watupa

Moni nonse akuluakulu m'gulu muno. Ndikulemba ndili ku Luchenza, ku Thyolo, mutu utaima.

Mchemwali wanga, amene amathyola tiyi ku esiteti, diso lake lakumanzere lasiya kuona bwino mwadzidzidzi. Linayamba n'kupweteka akamaliyendetsa, kenako pakati pake panachita chifunga, ndipo chinthu chofiira akuchiona ngati chofwifwa. Kunjaku diso likuoneka labwinobwino, silinafiire n'komwe, moti ena pamudzi sakukhulupirira kuti akudwala. Zimenezo zikundiwawa kwambiri.

Tinagula mankhwala odontheza m'maso, sanathandize. Magalasi chimodzimodzi. Kuchipatala anamuyeza shuga, BP ndi HIV, zonse zili bwino. Adokotala akuti mwina ndi optic neuritis, kuti chitetezo cha m'thupi mwake chatembenukira mtsempha wolumikiza diso ndi ubongo mpaka watupa. Anatchula zojambula m'kati mwa mutu pa makina otchedwa MRI ndi mankhwala a methylprednisolone odzera m'diripi, koma kumeneko zonsezi kulibe.

Alipo amene anadwalapo kapena kudwazikapo matendawa? Ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens, ku Blantyre, amalandira munthu wopanda kalata yotumizira? Nanga MRI amalipiritsa zingati? Tikachedwa, diso linalo lingagwidwenso? Chonde, amene mukudziwa tiuzeni msanga.